Wothira Mchere

"Mtsikanayu musamusiye yekha m'nyumba," anatero azakhali Sophia tsiku limene Tinenenji anatuluka ku kiliniki ndi khanda. "Amake atabereka iyeyu anangoti zii miyezi isanu. Ndinaona ndi maso angawa. Zikamayamba sizichita phokoso."

M'kachipinda ka lendi kaja ku Kanyama munadzaza anthu, ndipo onse anali ataweramira mwana, akukangana ngati mphunoyo ndi ya kuchimuna kapena ya kuchikazi. Amene anatembenuka ndi amake Dyton okha, apongozi ake a Tinenenji.

"Vamaganizo ni va anthu a sukulu ivo," anatero akuseka. "Ife tinabala eyiti. Nthawi yoganiza tikanaitenga kuti?"

Azakhali anangomanga chitenje chawo nakakwera minibasi ya ku Matero kusanade. Tinenenji anamva zonsezo ali gone pamatiresi, maso ali kudenga. Ankawerenga mabowo a misomali m'malata. Analipo khumi ndi anayi.

Apongozi anakhala masabata awiri. Asanabwerere ku Chawama, kumene anasiya tebulo lawo la tomato pamsika, anamukhazika pansi namuuza malamulo. Lalikulu linali la mchere. Mkazi amene wangobereka sathira mchere m'ndiwo mpaka mwana atatengedwa mwamwambo, patapita miyezi itatu kapena inayi. Akathira amadula a m'nyumba, ndipo woyamba kudulidwa ndi wa kubere. Amayamba ndi chifuwa, kenako amatupa, kenako basi.

Nanga azithira ndani? Dyton sankapezeka pakhomo. Kale ankagwira ntchito pa kampani ya boma yosoka matumba, koma itagulitsidwa anawauza Lachisanu kuti Lolemba asabwerenso. Tsopano anali kondakitala wa minibasi. Ankachoka kusanache n'kubwera anthu atagona, mawu atasasa ndi kukuwa kuti tauni, tauni. Motero apongozi anakagogoda khomo loyandikana nalo, kwa bana Chileshe, ndiye kuti amake Chileshe, mayi wamasiye wochokera ku Mufulira amene ankakazinga zitumbuwa pakhonde.

"Awe, mwasankha bwino," anatero bana Chileshe. "Ine bamuna banga banafa kudala, nazizila monga filiji. Iwe mwaiche, mwana wanga, ndiwo zikapsa uzingogogoda pachipupa na supuni katatu. Nizabwela."

Ndipo zinkatero. Masana aliwonse supuni inkalira pachipupa, bana Chileshe n'kulowa akupukuta manja amafuta, kutsina mchere m'kachitini, kuwaza, kuseka kamodzi n'kutuluka.

Tinenenji ankadikira kuti chimwemwe chibwere. Aliyense ankanena kuti chimabwera. Amayi a kutchalitchi anadza ndi sopo ndi matewera, namunyamula mwanayo, Chabwera, akuimba, ndipo iye ankamwetulira chifukwa ankaona kuti pamenepo ndi pomwetulira. Akachoka, nkhope inkabwerera m'malo mwake. Mwana akamayamwa, iye ankayang'ana kalendala ya pakhoma. Sankamuda mwanayo. Kungoti mumtima munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukautsina sumva kanthu.

Chimene chinalipo ndi mantha. Amenewo ndiye sankagona. Chabwera akagona, Tinenenji ankaika chala pansi pa kamphuno kake kuti amve mpweya. Akaumva ankachotsa chala, n'kuwerenga mpaka makumi awiri, n'kubwezeranso. Mvula itayamba, madzi anaima m'Kanyama monga amachitira chaka ndi chaka, anthu n'kumadumpha pamiyala, ndipo wailesi inayamba kutchula kolera. Iye anatseka chitseko. Zenera analitsekera ndi nsanza. Mbaula anailowetsa m'nyumba kuti mwana asazizidwe, ndiponso kuti aziwiritsa madzi. Madzi omwewo ankawawiritsa kawiri, nthawi zina katatu, chifukwa sankakumbukira ngati awira kale.

Lachiwiri lina anagogoda pachipupa, koma kunali zii. Anagogodanso. Kenako anakumbukira kuti bana Chileshe anatsanzika, anapita kumaliro kudera la George. Anaima pambali pa poto wa tinsomba ta kapenta, supuni ili m'manja. Anaima nthawi yaitali. Mmene ankazindikira, kachitini kanali kotsekula ndipo m'zala zake munali timibulu toyera. Sanakumbuke dzanja likupita. Anangoona kuti lapita kale.

Akanatha kutaya ndiwozo. Anaganiza zimenezo, koma maganizowo anali kutali, ngati munthu akuitana kutsidya kwa msewu. Anadya, nayamwitsa mwana. Dyton atabwera anadya zotsalazo nanyambita zala.

"Lero dzanja la bana Chileshe layenda bwino," anatero.

Patapita masiku atatu Chabwera anatsokomola.

Tinenenji anafika Giredi 12. Ankadziwa kuti chifuwa chimabwera ndi tizilombo, analemba zimenezo pamayeso ndipo anakhoza. Koma zimene analemba papepala zinakhala papepala. Kachifuwa kaja kakalira, mawu a apongozi ndiwo ankayankha: chifuwa, kutupa, basi. Anayamba kumuvula mwana kuti aone ngati mapazi atupa. Ankadina ndi chala n'kuyang'ana ngati padzatsala dzenje. M'mawa ankaona ngati sanatupe, masana n'kuona ngati atupa.

Anasiya kugogoda pachipupa. Akanawaitanira chiyani, zitaonongeka kale? Ndiwo ankaphika zopanda mchere, Dyton n'kumawaza yekha m'mbale, akuganiza kuti akazi awiriwo ayambana. Bana Chileshe akaodira, iye ankayankhira m'kati kuti mwana wagona. Kenako anayamba kuopa manja ake. Ankati dzanja limene linapita lokha ku mchere likhoza kupitanso kwina. Poyamwitsa ankalikulunga m'chitenje. Ikatha nthawi yoyamwitsa ankamugoneka mwana pakati pa matiresi, iye n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja atawakhalira.

Ndi mmene apongozi anamupezera Lachinayi. Anakankha chitseko, utsi n'kuwalandira. Phala linali litapserera pambaula, Chabwera akulira mpaka mawu kutha, ndipo mayi wake ali pansi, akumuyang'ana.

"Amake mwana! Sumumva uyu?"

"Ndikumumva."

"Nanga?"

Apongozi anamunyamula mwana, namusintha thewera, namubereka kumsana. Sanali munthu woipa, anali ndi mantha nawonso.

"Ivi si vabwino," anatero. "Mwana uyu azafela m'manja mwako uli kuyang'ana. Mvela. Loweluka m'mawa nibwela na mlamu wako. Mwana tizamutenga ku Chawama, azamwa mkaka wa m'chitini. Iwe tizakupeleka ku Kuku, kuli abusa amene amachotsa vinthu monga ivi. Ukachila uzamuona."

Tinenenji anadziwa kuti apa mayi amayenera kukuwa, kugwira mwana, kugubuduka pansi. Anadikira kuti kukuwako kubwere. Chimene chinatuluka pakamwa pake n'chakuti, "Loweruka nthawi yanji?"

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, natsitsa mwana kuti ayamwe, nachoka osalawa ngakhale madzi.

Chipupa cha nyumba zalendi ndi njerwa imodzi. Bana Chileshe anamva zonse. Lachisanu m'mawa sanaodire n'komwe, anangokankha chitseko ndi phewa, mchere uli m'chikhatho.

"Odi, ba sukulu! Masiku teni chipupa changa chili zii. Nanena kuti kapena mwapeza wothila wina wa digili." Anatsokomola. "Yaba, utsi! Mufuna kuwamba mwana monga nsomba?"

Anaika mchere uja pambale, nanyamula mbaula kukaiika panja, nazula nsanza za pazenera. Kuwala kunalowa mpaka pamatiresi. Tinenenji anaphethira.

"Ndinathira," anatero.

"Unathila chani?"

"Mchere. Tsiku lija munapita kumaliro. Ndamudula mwana."

Anayembekeza kuti aseka kapena akuwa. Bana Chileshe sanachite zonsezo. Anakokera chitenje chawo nakhala pansi pomwepo, phewa lawo likukhudza lake. Ankanunkhira mafuta okazingira.

"Ndiye wankhala nayo weka iyi nkhani masiku yonse aya?"

"Ee."

"Mwandi." Anapukusa mutu. "Sinizakunama kuti niziba vonse. Kwathu naife vamchele viliko. Koma tiye ku kiliniki ba sista bakamumvele pachifuba. Ngati ni mchele tizaziba. Ngati ni malasha ya pambaula tizaziba. Manje niuze, iwe unagona liti?"

Bana Chileshe sanadikire yankho.

"Ine pamene ninabala wachibili ku Mufulira, ninali kuyenda kupompi na baketi. Manzi yazula, yatayika, ine nili chabe ndwii. Bazimai kumbuyo batukwana, ine sinimvela. Miyezi folo. Chakudya chinali monga pepala. Mwana ninali kumuyang'ana monga katundu wa bene wamene banisiila kuti nisunge."

Tinenenji anatembenuka kuwayang'ana. Katundu wa eni ake. Miyezi iwiri yonseyi ankaganiza kuti chinthu chimenecho chilibe mawu, ndipo kuti padziko lonse chili mwa iye yekha.

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Sivinasile siku imozi. Kunali bamayo bena pafupi, bakazi ba shimaini, munzake wa bamuna banga ku mugodi. Bananitenga kunyumba kwao, ine na mwana. Banali kunigoneka, beve banyamula mwana. Akafuna bele banileta. Pang'ono pang'ono. Uyo mwana manje ni chimuntu, adya vitumbuwa vanga osapempha." Anaimirira, maondo akulira. "Nyamuka. Samba kumaso. Mwana nizapapa ine, iwe unyamule kadi."

Anayenda pamiyala, bana Chileshe patsogolo ndi mwana kumsana, akulonjera aliyense, Tinenenji pambuyo akuyang'ana timapazi tikulendewera. Ku kiliniki anakhala pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Namwino amene anawaitana anali Sista Nsama, mayi wamfupi wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anamuika Chabwera pasikelo, namumvera pachifuwa kutsogolo ndi kumsana, nadina mapazi monga Tinenenji ankachitira.

"Chimfine ichi, na utsi. Mbaula muika m'nyumba?"

"Banali kumuwamba, ba sista," anatero bana Chileshe. "Nachosa."

"Sanatupe?" anafunsa Tinenenji.

"Uku ni kunenepa, amai. Onani mzele wake pakadi, ukwela. Wamene amuyamwisa uyu agwila nchito."

Tinenenji anayang'ana mzerewo. Unalidi kukwera. Sanamve mpumulo umene ankayembekeza, anangomva kutopa, ngati wangotula mtolo umene wausenza kuchokera kutali ndipo khosi likadali louma.

Sista anatseka kadi koma sanawauze kuti apite. Anavula magalasi.

"Mwana taona. Nanga imwe? Mugona? Mudya? Mukamuyang'ana mwana mumvela bwanji?"

Chiberekere palibe anali atamufunsa zimenezo. Onse ankafunsa za mkaka. Anayankha ngati akuwerenga mndandanda wa pabolodi: sagona, chakudya sachimva kukoma, amaika chala pamphuno, amaopa manja ake, mumtima mulibe kanthu. Ananenanso za Loweruka. Sanalire. Sista anamvetsera mpaka kumapeto.

"Munaganizapo zozichita choipa, kapena kumuchita mwana?"

"Sindifuna. Ndimangoopa kuti dzanja lingachite lokha."

"Namvela. Aya ni matenda, amai. Yamabwela kuli bazimai bambili pambuyo pobala. Si misala, si vibanda, ndipo simunalakwe. Mwezi uliwonse nimaona batatu, banai, pa benchi yamene iyo. Yamapola. Koma vinthu vibili: musankhale mweka, ndipo musapatukane na mwana. Mufunika munthu wamene azankhala naimwe usana wonse, mugone, mudye. Muli naye?"

Tinenenji anaganiza. Bana Chileshe anali ndi zitumbuwa zawo ndi ana awo. Dyton anali ndi minibasi.

"Azakhali anga. Ali ku Matero. Ndi amene anandilera."

Sista analemba kalata yoti akaipereke ku kiliniki ya kumeneko Lachiwiri, naipinda, naiika m'kati mwa kadi la mwana.

Tsiku limenelo Dyton anabwera dzuwa lisanalowe. Anapempha mnzake Fred kuti amugwirire maulendo otsala, chifukwa amake anamudikirira pasiteji n'kumuuza za Loweruka. Anapeza chitseko chili chotsekula ndi mbaula panja. Anakhala pampando osavula nsapato.

"Amayi akuti ndi masabata ochepa chabe, Tine," anatero akuyang'ana pansi. "Akuti ukapempheredwa ubwera bwino. Ine sindidziwa. Ndikabwera ndimakupeza uli maso, ndikamachoka uli maso. Sindidziwa chochita."

Tinenenji anamupatsa kadi ndi kalata. Kenako anamuuza za mchere, za chifuwa, za manja, ndi zimene sista ananena. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu opanda kukwera kapena kutsika. Dyton anawerenga kalatayo kawiri ngakhale zolemba za sista zinali zovuta.

"Ndiye tsiku lija unathira ndiwe?"

"Ee."

"N'chifukwa chake zinakoma." Anayesa kuseka. Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Bwanji sunandiuze?"

"Mumabwera mutatopa."

Chabwera anadzuka nayamba kudandaula. Onse awiri anamuyang'ana. Tinenenji anaona manja ake ali pamiyendo. Anawatulutsa m'chitenje, napita kukamunyamula. Mwanayo anali wofunda ndi wolemera. Mumtima munalibebe kanthu, koma anaganiza za botolo la mkaka wa m'chitini ku Chawama, ndi munthu wina amene sadziwa kuti mwanayu amafuna kugonera kumanzere, ndipo mikono yake inalimba yokha.

"Abwera nthawi yanji amayi?"

"Akuti seveni."

"Ndiye asandipeze. Ndipita kwa azakhali, ine ndi mwana. Ndinyamuka kusanache."

Panja ana ankaponya miyala m'madzi, wina akuitanira makala.

"Adzandidya wamoyo amayi," anatero.

"Adzatero."

"Ndikawauza chiyani?"

"Muwauze zimene azakhali ananena tsiku lija tinabwera ndi mwana."

"Ananena chiyani?"

Tinenenji anamuyang'ana. Dyton sankanama, tsiku lija sanamvedi. Anamuuza. Dyton anapinda kalata ija mosamala naibwezera m'kadi.

"Ulendo woyamba timanyamuka folo koloko," anatero. "Ndikusungira mpando wa kutsogolo, kulibe mphepo. M'tauni ndikakukweza ya ku Matero ndekha. Amayi ndidzabwera kudzakumana nawo pano." Anayamba kumasula zingwe za nsapato. "Lamlungu ndibwera kudzakuonani."

Tinenenji anaika matewera m'chikwama cha pulasitiki, ndi kadi, ndi madiresi awiri. Zinatenga nthawi yochepa kuposa mmene ankaganizira. Panja chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, chinali chitapsa m'poto. Anaima pambali pake, mwana ali paphewa. Kenako analowa, natola supuni, nagogoda pachipupa katatu.

"Aleluya, chipupa chauka!" anakuwa bana Chileshe kuseri. "Nabwela!"

Analowa akupukuta manja, natsina mchere, nawaza. Anaona chikwama chili pakhomo koma sanafunse.

"Bana Chileshe," anatero Tinenenji, "inu mumadzuka nthawi yanji kukanda zitumbuwa?"

"Fili koloko, mwaiche. Chifukwa?"

"Mundigogodere. Mwina lero ndigona."